Chovala cha Pathupi Sichilipira Msonkho

Ndaveka akwatibwi oposa mazana atatu, koma mwini wakene ndinafika zaka makumi anayi ndi zitatu ndilibe ngakhale mphete ya waya pachala. Musandimvere chisoni. Munthu amene wakhala zaka zambiri atagwada pansi, mapini ali kukamwa, kumamvera akwatibwi akunena apongozi awo, sathamangira banja.

Shopu yanga ndi kachipinda kamodzi pamzere wa mashopu asanu. Kumanzere kuli ometa tsitsi, kumanja kuli situdiyo yojambulira zithunzi. Mukalowa mupeza makina osokera pafupi ndi zenera, kalilole wamkulu wong'aluka pakona, katani yobisalira poyeza zovala, ndi chidole chopanda mutu chimene ndimachitcha Adona. Ntchito yanga ndi yobwereketsa madiresi a ukwati. Anthu amanditcha Amadiresi, ndipo ndinasiya kalekale kuwakumbutsa dzina limene anandipatsa makolo.

Madiresiwo ndinkakagula kutsidya kwa malire, ulendo wa maola atatu pa basi. Awiri kapena atatu pachaka ankakwanira. Diresi ukalisamala, kulichapa ndi manja, kuliyanika pamthunzi, kulibweza apa ndi kulikulitsa apo, limakwatiwa kakhumi ndi kasanu lisanatope.

Kenako boma linakweza msonkho wa zovala zatsopano zolowa m'dziko. Pa wailesi anati akuteteza mafakitale athu. Ndinasangalala kumva kuti tili ndi fakitale ya madiresi a ukwati, moti ndinayenda tauni yonse kuifunafuna kuti ndizikagula kumeneko. Mpaka lero sindinaipeze. Ndinati chabwino, ndizisoka ndekha, manja ndili nawo. Kukafunsa lesi, mikanda ndi zipi zazitali zija, zonse zinali zitakwera, poti nazonso zimadutsa pachipata chomwecho cha pamalire. Diresi limodzi tsopano unkaligula kawiri, koyamba kwa mwini sitolo, kachiwiri kwa a kasitomu. Eni mashopu akuluakulu, oitanitsa katundu pa makontena, anangokweza mitengo n'kupitiriza kudya bwino. Ife a kachipinda kamodzi tinatsala n'kumaingitsa ntchentche.

Chaka chinatha ndisanagule diresi latsopano. Akwatibwi a masiku ano amabwera foni ili m'manja, kukuonetsa chithunzi n'kunena kuti akufuna ngati ili. Ine n'kuwatulutsira anga, amene anali atayamba kufiirira m'khwapa. Mtsikana wina analigwira limodzi ndi zala ziwiri n'kundifunsa kuti, "Mayi, ili si lija anavala azakhali anga? Chithunzi chake chili pabalaza kwathu." Linali lomwelo. Ndinamuuza kuti ndi mng'ono wake wa lija, koma sanabwerenso. A kasitomu anali atandithera makasitomala. Ndinaona poyera kuti ndikapanda kupeza madiresi atsopano nyengo ya maukwati isanafike, nditseka shopu n'kukakhala kwa akulu anga, kumene ngakhale supuni ili ndi malamulo ake.

Mnzanga wodandaula naye anali wojambula zithunzi wa khomo loyandikana nane. Timawatcha a Sekani, chifukwa aliyense woima patsogolo pa kamera yawo amamuuza kuti "sekani pang'ono," ngakhale wofuna chithunzi cha pachiphaso. Ndi bambo wamtali, wowonda, wosakwatira, wofatsa mokwiyitsa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi m'mawa uliwonse ankandibweretsera tiyi m'kapu ya chitsulo, ine n'kumati ndi ulemu wa anthu oyandikana. Nawonso msonkho unali utawapweteka. Mapepala a zithunzi anakwera, inki inakwera, ndipo masuti amene ankabwereketsa kwa anyamata ofuna kujambulitsa ngati mabwana anali atayamba kunyezimira m'zigongono.

Nzeru inandipeza pachipata penipeni. Ndinapita kutsidya kukangoona mitengo, n'kubwerako chimanjamanja. Tili pamzere m'holo ya a kasitomu, dzuwa likuswa mtengo panja, patsogolo panga panali bambo wovala majekete atatu, thukuta lili kamukamu. Anadutsa osalipira kanthu. Ndinakweza maso n'kuwerenga chikwangwani cha pakhoma chimene ndinali nditachidutsa zaka zonsezi osachiona. Mzere wachinayi unati: "Chovala chimene munthu wavala pathupi pake sichilipira msonkho."

Ndinawerenga katatu. Sanatchule kuti chovala chotani.

M'mawa mwake tiyi atabwera ndinafunsa kuti, "A Sekani, Lachisanu muli ndi zochita?"

"Palibe kwenikweni. Bwanji kodi?"

"Mukundikwatira."

Tiyi anatayikira pansapato zawo. Ndinafulumira kufotokoza kuti ndi ukwati wa maola atatu basi, kuyambira kutsidya mpaka pa depoti ya kwathu. Mayi wovala diresi la ukwati ali yekha m'basi ndi wamisala, koma akakhala ndi mwamuna wa suti pambali pake ndi mkwatibwi. Iwonso apindulapo, abwerako ndi masuti atsopano.

"Nanga akatifunsa mafunso?"

"Inu muzingomwetulira. Mwamuna pa tsiku la ukwati safunsidwa maganizo."

Lachisanu ndinavalira m'chimbudzi cholipiritsa cha pamsika wa kutsidya, nditaimirira pa katoni kuti mpendero usakhudze pansi. A Sekani anali panja atandigwirira velo ngati munthu wonyamula khanda la eni. Iwo anavala masuti awiri, yotuwa mkati, yakuda kunja. Pachipata tinapeza bambo wina wa kasitomu wonenepa, wa mtima wabwino. Atationa anaimirira, kutichotsa pamzere, kutidindira ziphaso, n'kuwauza a Sekani kuti, "Mwachedwa bambo, koma mwasankha." M'basi anthu anatipatsa mpando wakutsogolo. Mayi wina wachikulire anakhala kumbuyo kwanga n'kundilangiza za banja ulendo wonse, zina zoti sindingazilembe pano. A Sekani anangozyolika, thukuta likuyenderera m'masuti awiri.

Diresi limenelo linakwatiwa kanayi mwezi umodzi. Patatha masabata asanu tinapitanso, ndipo zinayendanso bwino. Apa ndiye ndinayamba kudzimva. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma mbuzi imene ikukondwayo simva miyambi.

M'sitolo ina kutsidyako ndinali nditaona diresi limene linandilowa mumtima. Mikanda kuyambira pakhosi mpaka m'chiuno, manja a lesi, mchira wotalika mamita atatu. Diresi loti likangoima pa Adona pazenera, ngakhale wokwatiwa kale alakelake kuyambiranso. Ndinagulitsa makina anga achiwiri, aja osokera m'mphepete mwa nsalu, ndinaphatikiza zonse zimene madiresi awiri aja anabweretsa, n'kukaligula. M'chikwama munatsala ya basi yokha.

Tsiku limenelo bambo wonenepa uja kunalibe. Pamalo pake panali mayi wamfupi, wa nkhope yosaseka, amene anthu oyendayenda pa basi amawatcha Achidindo. Anandiyang'ana kuyambira pa velo mpaka kumchira, umene a Sekani anaufungatira ngati mtolo wa zochapa.

"Zabwino zonse, mayi."

"Zikomo, bwana."

"Koma nkhopeyi ndikuidziwa. Simunadutse pano mwezi wathawu? Munavala la manja aafupi. Ine ndinali pa tebulo ilo."

Pakamwa pangapa sipanandigwiritsepo mwala.

"Banja lija linatha, bwana."

"Pepani kwambiri. Ndiye mwapeza bambo ena?"

Anatembenukira kwa a Sekani. A Sekani anamwetulira monga ndinawalangizira.

"Si omwewa?"

"Tinabwererana."

"Mwezi umodzi, kukwatirana, kulekana, kubwererana, ndi diresi latsopano pamwamba."

"Chikondi, bwana."

"Eya, chikondi. Bambo, mkazi wanuyu dzina lake ndani?"

Apa ndiye tsiku la fote linakwana. Ulendo tinaukonza bwino, mphete za pamsika tinagula, ngakhale maluwa a pulasitiki tinali nawo, koma palibe anaganizapo za dzina. A Sekani anatsegula pakamwa, anatseka, anandiyang'ana mopempha thandizo, kenako ananena motsitsa mawu kuti, "Amadiresi."

Mzere wonse unafa nako kuseka. Achidindo okha sanaseke. Ananditengera kukachipinda ka kuseri, kodzaza matayala ndi makatoni olandidwa, n'kundithandiza okha kumasula zipi. Manja awo anali osamala, ndiwayamikire pamenepo. Diresi analikoleka pa msomali, analimangirira kapepala ka nambala, ine n'kuvala siketi yanga yakale imene inali m'chikwama. A Sekani anawalanda suti yakunja, yamkati anawasiyira.

"Mvetserani bwino, mayi," anatero Achidindo akulemba risiti. "Lamulo limanena chovala chanu, osati katundu wamalonda amene mwamukoleka pathupi. Mukandibweretsera chikalata cha ukwati pasanathe masiku makumi atatu, ndidzakhulupirira kuti ndi lanu. Apo ayi, mulipire msonkho ndi chindapusa. Zikakanika zonsezi, lipita ku okishoni, akaligule amene angatchule mtengo waukulu."

Msonkho ndi chindapusa pamodzi zinali zoti ngakhale ndikanagulitsa Adona, kalilole ndi katani yomwe, sindikanakwanitsa. Njira inatsala imodzi. Ndinakafufuza ku ofesi yolembetsa maukwati, ndipo anandiuza kuti mayina amayamba akhala pa bolodi masabata atatu, kuti amene ali ndi chifukwa choletsera abwere adzanene. Ndiye kuti ndinali ndi masiku asanu ndi atatu okha oti ndipeze mwamuna. Sindinade nkhawa, poti mwamunayo anali khomo lachiwiri.

"A Sekani, tiyeni tikalembetse."

"Tikalembetse chiyani?"

"Ukwati. Wa papepala chabe. Tikakatenga diresi, aliyense azikhala kwake monga kale."

Anaika kapu ya tiyi pa makina pang'onopang'ono.

"Ayi."

Chidziwireni bamboyu, ndinali ndisanamvepo mawu amenewa akutuluka m'kamwa mwawo. Ndinaganiza kuti mwina ndi chifuwa.

"Mwati bwanji?"

"Ndati ayi, mayi. Mchira ndanyamula. Masuti awiri padzuwa ndavala. Kusekedwa ndi mzere wonse ndasekedwa, chifukwa ngakhale dzina lanu simunandiuzepo. Koma ine sindikwatira diresi."

"Ndani wakuuzani kuti mukwatire diresi?"

"Inuyo. Kodi mukuganiza kuti tiyi wa zaka zisanu ndi zinayi ndinkabweretsera Adona?"

Anatuluka. Mawa lake tiyi sanabwere, mkuja wakenso sanabwere. Ndinakwiya kwambiri, ndipo chimene chinandikwiyitsa koposa n'chakuti nthawi ya tiyi ikakwana maso anga ankathamangira okha kukhomo.

Ndinapita kukadandaula kwa akulu anga. Ndinawapeza akusita malaya a alamu, alamuwo ali pampando kuseri kwa nyuzipepala. Anamvetsera nkhani yonse simbi ili m'manja.

"Ndiye vuto n'chiyani? Amamwa?"

"Samwa."

"Ali ndi ana kumbali?"

"Alibe."

"Amalongolola?"

"Salankhula n'komwe."

"Mng'ono wanga, ngati sukuwafuna tisinthane. Tenga alamu akowa, ndikuwonjezera ndi simbiyi."

Alamu anatsokomola kuseri kwa nyuzipepala, koma sanatsutse.

"Chipinda chako chilipo," anapitiriza akulu anga. "Ukatseka shopu ubwere, malamulo a pakhomo pano ukuwadziwa. Koma usanamizire diresi. Zaka zonsezi ukabwera kuno nkhani yako ndi imodzi, a Sekani anati, a Sekani anachita. Ife mpaka tinatopa nawo tisanawaone."

Ndinachoka ndisanatsanzike bwino. Palibe chopweteka ngati kuuzidwa zoona ndi munthu amene munkalimbirana naye bulangete.

Tsiku lachisanu ndi chitatu ndinalowa mu situdiyo. Ndinawapeza akupukuta diso la kamera ndi kansalu. Kumbuyo kwawo kunali chinsalu chimene anthu amaima patsogolo pake pojambulitsa, chojambulidwa nyumba yosanja ndi galimoto yofiira pakhomo.

"Ndabwera kudzafunsanso."

"Ndili ndi funso limodzi lokha," anatero osakweza mutu. "Diresi likapanda kubwera, chikalatacho tidzang'amba?"

Ndinayang'ana pansi, ndinayang'ana nyumba yosanja yabodza ija. Mawu abwino ndinali nawo mumtima, koma pakamwa panga panazolowera kunenerera mitengo.

"Sitidzang'amba. Mapepala adula masiku ano."

Anaika kansalu kaja pansi n'kukweza mutu.

"Sekani pang'ono," anatero. Ndipo ndinaseka, mayi wamkulu ngati ine, misozi ili lengelenge.

Mayina anakhala pa bolodi masabata atatu, ndipo palibe anabwera kudzaletsa, zimene zinandinyoza pang'ono. Tinakwatirana tsiku la makumi awiri ndi chisanu ndi chinayi, m'kaofesi kokhala ndi tebulo limodzi ndi fani yosazungulira. Mboni zinali akulu anga ndi ometa tsitsi aja. Ine ndinavala lija la azakhali a mtsikana uja, nditalichapa kawiri. Kalaliki atawerenga dzina langa lonse, ndinamva a Sekani akulibwereza chapansipansi ngati munthu woloweza nambala ya foni.

M'mawa mwake tinakwera basi yoyamba. Ndinalowa m'holo ya a kasitomu mutu uli m'mwamba, n'kuika chikalata pa tebulo la Achidindo. Anachiwerenga mpaka pansi, anachitembenuza, anachiwerenganso.

"Chikalatachi n'chenicheni."

"Chenicheni, bwana. Inki sinaume n'komwe."

"Ndi zimene ndikuonazo. Tsiku lalembedwa apali ndi ladzulo. Inu munadutsa pano mutavala diresi mwezi watha."

Masabata onsewo ndinkawerenga masiku opita kutsogolo, osaganizapo kuti pepala limanenanso za kumbuyo.

"Ndinali pa ulendo wopita ku ukwatiwo, bwana."

"Mkwatibwi amachedwa, ndikudziwa, inenso ndinachedwa. Koma osati masiku makumi awiri ndi asanu ndi anayi. Mayi, mwandibweretsera nokha umboni woti tsiku lija munali mbeta."

Anandibwezera chikalata ndi manja awiri. Kenako anatsitsa mawu.

"Lamuloli sindinalembe ine. Mlongo wanga ankagulitsa nsapato, anatseka chaka chatha. Koma ndikakupatsani diresili, mawa pano padutsa akwatibwi makumi asanu. Okishoni iliko Lachitatu, kunyumba yosungira katundu ya m'tauni mwanu. Ndipo zabwino zonse. Ulendo uno ndikunena zenizeni."

M'basi ndinayamba kuwerengera zotayika. Ndinali nditataya makina, ndalama ndi diresi, n'kupeza mwamuna amene sanali pa bajeti. Nyengo ya maukwati inali itatsala masabata atatu, ndipo madiresi awiri atsopano sakanatha kunyamula shopu okha.

"Ngati mwasintha maganizo," anatero a Sekani akuyang'ana pazenera, "ine sindikakamiza munthu."

"Khalani chete, bambo. Ndikuganiza."

Lachitatu tinapita ku okishoni ndi kandalama kamene diresi limodzi linabweretsa Loweruka, kuphatikiza kamene a Sekani anapeza pojambula ana a sukulu. Nyumbayo inali chishedi chachikulu cha malata, chotentha ngati uvuni. Kutsogolo kunali matayala, mafiriji, makatoni a mafoni, mabelo a nsalu. Pa mipando yakutsogolo panakhala anthu a mimba ndi zikwama. Kumbuyo, pa mabenchi, tinakhala ife eni katunduyo, aliyense atabwera kudzaonerera chuma chake chikukwatiwa ndi wina. Pafupi nane panali mayi wina amene analandidwa makatoni atatu a mapoto. Atagulidwa anangoti "mapoto anga," n'kupukuta m'maso ndi mpango.

Pamzere woyamba ndinaona mayi amene ali ndi shopu yaikulu ya zaukwati pamsewu waukulu, ya masitepe ndi magetsi pazenera. Ife timawatcha Amakontena. Sanabwerere matayala amenewo.

Diresi langa analitulutsa chakumasana. Wogulitsa, bambo wa mawu ngati wailesi, analikweza m'mwamba, anthu awiri atatambasula mchira. Mikanda inang'anima ngakhale mumdima wa m'shedimo, ndipo amayi onse anati "eee!" Anatchula mtengo woyambira. Ndinakweza dzanja. Amakontena anakweza chala chimodzi, osatembenuka n'komwe. Ndinakwezanso. Anakwezanso chala. Kachitatu ndinali nditafika pothera pa kandalama kathu, ndipo chala chija chinali chikadali chosatopa.

Pa ntchito yathuyi pali chinthu chimodzi chimene aliyense amachiopa kuposa njenjete. Diresi likhoza kung'ambika, ulisoka. Likhoza kuthimbirira, ulichapa. Koma likakhala ndi mbiri, latha. Mkwatibwi akangomva kuti amene analivala zinamuvuta, salikhudza ngakhale ulimupatse ulere, ndipo amayi ake ndiye salola kuti lilowe m'nyumba.

Ndinaimirira.

"Bwana wogulitsa, pepani. Kodi si lamulo kuti ogula adziwe chilema cha katundu?"

"Lili ndi chilema?"

"Pansalu palibe. Koma diresi limeneli ndinalivalapo ine. Theka la tsiku lokha."

Anthu anatembenuka. Amakontena nawonso anatembenuka, koyamba.

"Amayi anzanga, ambiri mukundidziwa. Zaka makumi anayi ndi zitatu ndinali pamtendere. Ndinkadya nthawi imene ndafuna, ndinkagona chopingasa pabedi langa, palibe ankandifunsa kumene ndachokera. Ndinangolivala ili, tsiku lomwelo ndinagwidwa, ndinavulidwa, makina anga anapita. Ndipo mwezi usanathe, taonani chimene chandigwera."

Ndinaloza a Sekani.

Mawuwo atangotuluka ndinazindikira chimene ndachita. Munthu wofatsa, wa manyazi, amene anali mwamuna wanga kwa masiku asanu ndi limodzi okha, ndinali nditamuika pamsika kuti anthu mazana awiri amuseke. Anali atakhala pa benchi, chipewa chili pa bondo, atavala suti yotuwa ija imene inamulekeza pamwamba pa akakolo. Ndinachita manyazi, ndipo ndinachita mantha kuti aimirira n'kutuluka, ulendo uno osabweranso.

Anaimiriradi. Anaika chipewa pa benchi. Anakweza buluku mpaka pachifuwa, masokosi osiyana mitundu n'kuonekera. Anakhotetsa khosi, anagwetsa phewa limodzi, anatulutsa mano onse panja. Kenako anayamba kuzungulira pang'onopang'ono, manja ali m'chiuno, monga amachitira akwatibwi pa kalilole wanga, kuti a kumbuyo aone bwino ndi a kutsogolo omwe asadandaule. Atamaliza anatsokomola chifuwa chachitali chimene sindikudziwa kumene anachitenga, n'kundifunsa mokweza kuti, "Mkazi wanga, mankhwala anga aja mwatenga?"

Denga la malata linatsala pang'ono kusasuka. Anthu anagwira m'mimba, wogulitsa anatsamira tebulo, mafoni anatuluka m'matumba kuyamba kujambula. Mayi wa mapoto uja, misozi isanaume, anakuwa kuti, "Mwana wanga akukwatiwa mwezi wamawa, koma limenelo asaliyandikire!" Wina kumbuyo anati, "Likapachikidwa shopu iti mutiuze, tizilambalala!"

Amakontena anayang'ana mafoni aja, anayang'ana diresi, anayang'ana a Sekani. Ndi mayi wodziwa malonda, ndiwapatse ulemu wawo. Anadziwa kuti dzuwa lisanalowe tauni yonse ikhala itaona kanemayo. Chala chija chinabwerera m'chikwama.

Wogulitsa anaitana kamodzi, kawiri, akupukuta misozi. Nyundo inagunda. Diresi linali langa, pa mtengo wosafika ngakhale theka la msonkho umene ankafuna pachipata.

Za mbiri yake sindinade nazo nkhawa. Ndinadziwa kuti manja a lesi ndiwachotsa, khosi ndilisintha, mchira ndiudula n'kupangira velo, ndipo pofika Loweruka ngakhale amene analisoka salizindikira. Amakontena ali ndi makontena, koma singano sadziwa kugwira.

Tinatuluka panja, a Sekani atanyamula diresi m'thumba la pulasitiki paphewa. Buluku anali atalitsitsa, khosi litawongoka. Tinayenda mpaka pa siteji. Ndinkafunafuna mawu opepesera, koma mawu otere sindinawasungepo m'sitoko.

"Ndinazungulira bwino?" anafunsa.

"Munawonjeza. Chifuwa chija sindinakutumeni."

"Ndinaona kuti mayi aja akukayikabe."

"Anthu azikusekani mumsewu, bambo. Mwezi wonse."

"Zaka zonsezi ndakhala ndikuwapempha kuti aseke pang'ono, osatheka. Lero aseka okha."

Minibasi inabwera yodzaza, tinapanikizana kumpando wakumbuyo, thumba la diresi lili pamiyendo pathu tonse awiri. Munalibe wotiyang'ana, munalibe wa kasitomu woti timunamize. Ndinapisa dzanja pansi pa thumbalo, ndinapeza lawo, n'kuligwira mpaka kunyumba.